Penti imanama: mmene mungaonere magalimoto akale ndi osinthidwa ku Mzuzu

Okonda magalimoto akapangana zokumana Loweruka muno mu Mzuzu, oyamba kufika amakhala eni magalimoto akale. Sikuti amasunga nthawi kuposa anzawo ayi. Amalawirira chifukwa sadziwa chimene chiwagwere pakati pa Luwinga ndi m'tauni, komanso amafuna kudutsa msewu usanadzaze ndi a kabaza. Anyamata a ma Altezza ndi ma Subaru amatulukira dzuwa litakwera, atandondozana, ndipo mumayamba kuwamva asanaoneke. Pofika masana bwalo limakhala litagawika lokha popanda wolamula. Mbali ino madala aima pafupi ndi Peugeot ndi Land Rover, mabonati ali yasa. Mbali inayo nyimbo zikugunda kuchokera m'buti.

Wobwera koyamba amatsata kunyezimira ndi phokoso, n'kujambula zithunzi, n'kumapita. Nanenso ndinayamba choncho, ndipo ndinkabwerera kunyumba nditaona penti yokhayokha. Chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti magalimoto onsewa, akale ndi osinthidwa omwe, akulimbana ndi adani amodzimodzi: chinyezi cha kuno, mpweya wopepuka wa kumtunda, petulo amene timathira, misewu yathu, ndi kusowa kwa masipeyala. Kusiyana kwake kuli pa mmene mwini aliyense wawayankhira adaniwo, ndipo yankholo nthawi zambiri limakhala kunsi kwa galimoto kapena pansi pa bonati.

Tiyambe ndi mkangano umene sutha: kodi galimoto yakale yoyenera ulemu imasiyana bwanji ndi chiphakasa? Bungwe la padziko lonse loona za magalimoto akale, FIVA, limati galimoto ikhale ndi zaka 30 kapena kuposerapo, yosamalidwa mofanana ndi mmene inapangidwira, ndipo isakhale yoyendera ntchito za tsiku ndi tsiku. Pa zaka zokha, Corolla ya 1994 yalowa kale m'gululi, zomwe zimawawawa madala ena kumva. Koma mfundo yomalizayo kwathu kuno siigwira bwino. Nissan 1400 imene mwaiona itapukutidwa Loweruka, Lolemba ikhala itasenza matumba a chimanga kuchokera ku Ekwendeni. Kwa ine zimenezo sizichotsa ulemu wake. Chiphakasa ndi galimoto imene mwini wake anasiya kuikonza n'kumangoimangirira ndi mawaya kuti ifike mawa. Zaka sizilowapo.

Mukayang'ana mzere wa akalewo muona kuti mayina ake ndi omwe aja: Peugeot, Datsun, Land Rover, Volkswagen, Mercedes, mwina Ford Cortina. Izi zili ndi chifukwa. Msonkho wolowetsera galimoto m'dziko muno umakwera malinga ndi zaka zake komanso kukula kwa injini, choncho ndi anthu ochepa kwambiri amene angaitanitse galimoto ya 1975 kuchokera kunja. Zakale zathu ndi zimene zinalowa kalekale: za amishoni, za m'maesiteti, za boma zogulitsidwa pa okushoni, ndi zimene anabwera nazo a matchona pochokera ku Joni, ku Zimbabwe ndi ku migodi ya ku Zambia. Zapulumuka zokhazo zimene masipeyala ake ankapezeka pafupi.

Peugeot 404 inatuluka mu 1960 ndipo inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'misewu ya fumbi ndi matope yosasiyana ndi yathu. Mng'ono wake, 504, anabwera mu 1968 n'kupambananso mpikisano womwewo mu 1975. Ku France atasiya kuzipanga, ku Kenya anapitiriza kulumikiza 404 mpaka 1991, ndipo 504 inapitirira ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000. N'chifukwa chake mwini Peugeot wa ku Mzuzu akasowa chitsulo amayang'ana kumpoto, kudutsa Songwe. Mwini Nissan 1400 amayang'ana kummwera, poti kabakika kanapangidwa ku South Africa kuyambira 1971, kakutchedwa Datsun 1200, mpaka 2008, thupi lake losasintha kwenikweni. Volkswagen Beetle, kamba uja wa injini kumbuyo, inkapangidwanso ku Uitenhage kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza padziko lonse inatuluka ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu 2003. Injini yake imazizira ndi mphepo, ilibe radiyeta. Mukaona wina akufunsa mwini Beetle kuti madzi amathira pati, dziwani kuti mwina ndi mlendo, mwina akufuna kuseketsa anthu.

Tsopano mdani woyamba, dzimbiri. Mzuzu ndi mzinda wa chinyezi. Mvula imachedwa kusiya, ndipo ikasiya pamabwera mawawa ndi nkhungu za June ndi July. Dothi lathu lofiira likalowa m'makona a kunsi kwa galimoto limasunga madzi kwa masabata. Dzimbiri limayambira m'kati n'kumatulukira kunja, kotero mukaona kachithuza pa penti m'munsi mwa chitseko, chitsulo cha kuseri chinadyeka kale. Malo oyang'ana ndi m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mozungulira matayala, pansi pa batire, m'makona a galasi la kutsogolo, ndi pansi pa kapeti pomwe dalaivala amapondapo.

Wokhoma galimoto waulesi sadula chitsulo chowola kuti awotcherere chatsopano. Amamatapo fila wochuluka, n'kupala, n'kupopera penti yonyezimira, ndipo kwa chaka chimodzi galimoto imaoneka ngati yochokera m'sitolo. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ogula odziwa amayenda ndi kamaginito kokulunga m'kansalu: pachitsulo kamamata, pa fila wokhuthala kamagwa. Koma pachionetsero musayerekeze kutulutsa maginito pa galimoto ya mwini osapempha, mungatuluke pabwalo mothamanga. Maso okha amakwanira. Imani chakumbuyo, muyang'ane m'mbali mwa galimoto motsata kuwala. Thupi labwino limaonetsa mzere wowongoka, la fila limaoneka ngati madzi a m'nyanja kukuwomba kamphepo. Land Rover yakale ndi nkhani ina: thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri ndipo maginito samatapo, koma chasisi ndi chikhoma cha pakati pa injini ndi dalaivala n'zachitsulo. Imatha kuoneka yathanzi pamwamba, msana wake utatha.

Mdani wachiwiri ndi wosaoneka. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere. Mukakwera, mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda tebo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse. Kuno ndiye kuti gawo loposa limodzi mwa magawo khumi lapita musanaponde n'komwe. Galimoto yamakono ili ndi kompyuta imene imayeza mpweya wolowa n'kuchepetsa petulo moyenera. Yakale ili ndi kabuleta, ndipo kabuleta sadziwa kuti ali kuti. Amapereka petulo wofanana kudzera pa timabowo totchedwa majeti, kaya muli ku Karonga kaya ku Chikangawa. Mpweya ukachepa petulo osachepa, injini imadya kwambiri, mapulagi amada, ku ekizozi kumatuluka utsi wakuda. Makaniko wodziwa amaichuna kuti igwirizane ndi kuno. Vuto limabwera mukatsetsereka makilomita pafupifupi 50 kupita ku Nkhata Bay, kumene kuli pamtunda wosakwana mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko mpweya wachuluka, petulo wachepa, ndipo injini imatha kutentha. Choncho mukamva madala awiri akukangana za kukula kwa jeti kwa theka la ola, si kuti asowa chokamba.

Utsi umene ndatchulawu ndi kalata yosavuta kuwerenga. Wakuda ndi petulo wochuluka. Wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo amene akupsa, kusonyeza kuti maring'i a mapisitoni kapena timalabala ta mavalavu tatha. Woyera wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi madzi a mu radiyeta amene alowa mosayenera, kawirikawiri chifukwa gasiketi ya hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, yapsa. Koma m'mawa wozizira wa ku Mzuzu pafupifupi galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi yoyera ikangolizidwa. Dikirani itenthe musanayambe kunong'oneza mnzanu.

Za petulo ndiye zimafuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ambiri sazidziwa. Dziko la Malawi lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Kwa galimoto yoyenda tsiku lililonse palibe vuto lalikulu. Kwa galimoto imene imagona m'garaja mwezi wathunthu kudikira chionetsero, nkhani imasintha. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo kuno chinyezi sichisowa. Madziwo amakhazikika pansi pa thanki yachitsulo n'kuyambitsa dzimbiri, tizidutswa take n'kukatseka majeti. Amaumitsanso mapaipi a labala akale mpaka kung'ambika, ndipo petulo wodontha pa injini yotentha mapeto ake ndi moto. Mukasuzumira pansi pa bonati ya galimoto ya zaka 50 n'kuona mapaipi a petulo atsopano ndi kasefa koonekera m'kati, mwini wakeyo amadziwa chimene akuchita. Mukaonanso chozimira moto pafupi ndi mpando, mpatseni moni wa manja awiri.

Palinso nkhani ya mtovu. Kale petulo ankathiramo mtovu, umene mwa zina unkateteza pokhala mavalavu kuti pasadyeke. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere pofika kumayambiriro kwa 2006 chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Injini za hedi ya aluminiyamu, monga za Peugeot ndi Beetle, sizinavutike kwambiri chifukwa pokhala mavalavu pake anaikapo kale mphete zolimba. Zimene zinamva kuwawa ndi za hedi yachitsulo, monga Land Rover ya petulo ya malita 2.25 ndi ma Cortina ambiri. Mankhwala ake okhalitsa ndi kuchotsa hedi n'kukaiikitsa mphete zolimba kwa odziwa makina osema zitsulo.

Apa ndi pamene mzere wa pakati pa "yakale" ndi "yosinthidwa" umayamba kufufutika. Mdala amene amanyoza anyamata kuti akuwononga magalimoto, mukayang'ana bwino mupeza kuti mu Peugeot yake anachotsamo mapointi n'kuikamo zoyatsira moto zamakono, radiyeta ndi ya Toyota, alitaneta ndi ya galimoto ina. Land Rover zambiri zimene zikuyendabe zili ndi injini ya dizilo ya ku Japan. Kunja anthu amalipira ndalama zambiri kuti nambala ya injini igwirizane ndi imene galimoto inatuluka nayo ku fakitale. Kuno, kumene ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kusunga chilichonse mmene chinalili ndi mwayi wa anthu ochepa. Ine sindiona chochititsa manyazi pa injini yobwereka, bola ntchitoyo ikhale yaukhondo ndipo mwini asabise.

Tiwolokere tsono kwa anyamata. Pafupifupi magalimoto awo onse anabadwira ku Japan, anatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwera Chiweta. Mzuzu ndiwo mzinda woyamba umene amafikira. Ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, ndipo kuyeza galimoto kwa boma, kumene amati shaken, kumachitika ikakwana zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse. Kumadula, choncho ambiri amagulitsa galimoto ikadali yabwino. Pakati pa ma Vitz ndi ma Sienta amene amadzaza misewu yathu pamalowanso ena amene anapangidwira liwiro.

Altezza, imene Toyota inapanga kuyambira 1998 mpaka 2005, imakondedwa chifukwa imakankha ndi mawilo akumbuyo. Ilipo mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. AS200 ili ndi injini ya masilinda 6 yotchedwa 1G-FE, yofatsa ndi yomveka bwino. RS200 ili ndi masilinda 4 okha, 3S-GE, koma ndiyo yamphamvu. Baji ya kumbuyo imagulidwa pamsika, choncho werengani masilinda. Akuluakulu a banjali ndi Mark II, Chaser ndi Cresta, makamaka zokhala ndi injini ya tebo ya 1JZ-GTE ya malita 2.5. Papepala imalembedwa 280 PS, muyeso umene ambiri amangoti hosipawa, chifukwa kuyambira 1989 mpaka 2004 makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamalengeze nambala yoposa pamenepo pa magalimoto ogulitsa kwawo. N'chimodzimodzi ndi sipidomita yothera pa 180: ndi malire amene anadziikira. Magalimoto amenewa akukwera mtengo chaka ndi chaka, mwa zina chifukwa lamulo la ku America limalola kulowetsa galimoto iliyonse ikakwana zaka 25, ndipo ogula a kumeneko tsopano akulimbirana nafe pa okushoni zomwezo za ku Japan. Subaru mumaizindikira ndi khutu. Masilinda ake anagona chopingasa, awiri uku awiri uku, ndipo pa ma Impreza WRX akale mapaipi a ekizozi ndi otalika mosiyana, n'chifukwa chake imalira mogunda ngati ng'oma.

Tebo ndi chinthu chimene kumtunda kuno chili ndi nzeru. Imagwiritsa ntchito utsi wotuluka kuzunguza kachipupizira kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini, motero imabweza zambiri mwa mphamvu zimene phiri linalanda. Koma kuonjezera mphamvu ya tebo kapena kusintha pulogalamu ya kompyuta kumafuna petulo wopirira kupanikizika. Akapanda kupirira amaphulika nthawi isanakwane, injini imamveka ngati mwaponyamo timiyala, ndipo pisitoni imatha kubooka. Pulogalamu yokopera pa intaneti, yolembedwera petulo wa dziko lina, yaphetsa injini zambiri zabwino.

Kutsitsa galimoto ndiye kumene ine ndimasiyana maganizo ndi achimwene anga ambiri. Kuli njira ziwiri. Yoyenera ndi kugula masipuling'i ndi mashokabu opangidwira limodzi, monga ma coilover amene mumatha kukweza kapena kutsitsa. Yachidule ndi kudula sipuling'i ndi galainda. Ikaima, zonse zimaoneka zofanana. Ikayenda, yodulidwayo imadumphadumpha, shokabu imagunda pansi n'kufa msanga, ndipo sipuling'i yofupika imatha kuchoka pamalo pake tayala likalowa m'dzenje. Ngakhale yotsitsidwa bwino iyenera kukumana ndi mahampu a mumsewu wa M1 ndi misewu ya ku Mchengautuwa kapena ku Masasa nthawi ya dzinja, sampu ya oyilo ili masentimita ochepa kuchokera pansi. Mwini woganiza amaikako chitsulo chotchinga kunsi. Gwadani muone ngati chilipo.

Matayala nawo amalankhula. Nambala ngati 195/65 R15 ikutanthauza kuti tayala ndi lotambalala mamilimita 195, khoma lake la m'mbali ndi 65 peresenti ya pamenepo, kapena kuti mamilimita 127, ndipo rimu ndi ya mainchesi 15. Mukaika 205/40 R17, khomalo latsala mamilimita 82. Galimoto imakhota mokhazikika ndipo imakongola, koma labala amene amayamwa dzenje wachepa, ndipo chimene chimalandira nkhonya ndi rimu. Pakhoma pomwepo pali manambala anayi osonyeza tsiku lobadwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Poti ambiri timagula matayala a kaunjika, si zachilendo kuona marimu a mtengo wapatali atavala labala wa zaka khumi wong'aluka m'mbali.

Za ekizozi ndinene mwachidule. Kuchotsa sayilensa kumaonjezera phokoso, mphamvu ayi, kapena pang'ono kwambiri. Anthu a ku Katoto amene akufuna kugona amadziwa zimenezi kuposa dalaivala.

Pamakhalanso mapepala, nkhani yosakoma kukamba pachisangalalo. Nambala ya injini ndi mtundu wa penti zimalembedwa m'kaundula wa ku Road Traffic, pa chikalata chimene tonse timangoti bulubuku. Mukasintha injini kapena mtundu osakalembetsa, vuto lidzakupezani pokayezetsa COF, pa rodibuloko, kapena tsiku la ngozi pamene a inshuwalansi adzaone kuti galimoto imene anailandira si imene yagundayo. Magalimoto akale ambiri ali ndi vuto lina: bulubuku ili m'dzina la malemu agogo, ndipo abale sanagwirizane kuti mwini wake ndani. Musanakonde galimoto yogona pansi pa mtengo wa mango kumudzi, yambani mwafunsa za pepala ndi za banja.

Nanga inu monga mlendo muzichita bwanji? Musagwire, musatsamire, musakhazike mwana pa bonati kuti mumujambule, ndipo botolo la chakumwa lisayandikire denga la galimoto ya mwini. Lamba ndi zipi zimakala penti. Kufunsa ndiye khomo, paja safunsa anadya phula. Kwa wamkulu, "Bambo, tingaone nawo injini?" ndi zokwanira, ndipo mukayamba ndi "Monire adada" kwa mdala wa konkuno, bonati imatseguka msanga. Funso lakuti "Munagula zingati?" limatseka pakamwa. Funsani kuti anaipeza kuti, kapena chitsulo chimene chinawavuta kwambiri kupeza, ndipo konzekani kuima ola lathunthu. Pojambula zithunzi zoika pa Facebook, bisani nambala ya galimoto pokhapokha mwini atalola.

Chakumadzulo, wina amayamba kulilitsa injini, wina n'kuyankha, ndipo posakhalitsa pamapezeka wofuna kuzungulitsa galimoto mpaka matayala afuke. Masewerawa anakulira m'makomboni a ku South Africa monga Soweto, ndi BMW 325iS imene kumeneko amaitcha Gusheshe, ndipo lero ndi mpikisano wovomerezeka wochitikira m'mabwalo otchingidwa. Pabwalo lopanda chotchinga, lokhala ndi timiyala, anthu ataunjikana mafoni ali m'mwamba, ine ndimabwerera m'mbuyo n'kukaima kuseri kwa Land Rover. Tayala likaphulika limaponya waya ndi labala, ndipo dalaivala amene waphonya pang'ono alibe poimira.

Nthawi imeneyi madala amakhala ayamba kale kutseka mabonati. Magetsi a galimoto ya 1970 ndi ofooka, mawaipa ake ndi aulesi, ndipo amene akubwerera ku Mzimba ayenera kudutsa Chikangawa nkhungu isanatsike. Pamakhala imodzi imene imakana kulira, kawirikawiri ija inapukutidwa kwambiri. Mwini wake amalowa, n'kuika giya yachiwiri, n'kuponda kilatchi, ndipo amene amavula majekete kudzakankha ndi anyamata a ma Altezza aja, poti magalimoto awo ambiri ndi a otomatiki ndipo mwayi woliza galimoto chokankha saupeza kawirikawiri.